Ntchito yofufuza chifukwa chake anthu amaphana pa mtundu: yankho kwa mtsikana wa ku Mufakose

Funso: Amayi, ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, agogo anga anachokera ku Dedza kalekale, aamuna anatisiya koma aakazi alipo. Chaka chino ndikumaliza digiri ya political science ndipo mtima wanga uli pa kufufuza nkhondo za mitundu ndi genocide, ngati ija ya ku Rwanda. Koma mayi anga akuti ntchito yanji yokhalira kuwerenga maliro a eni, amalume akuti ndidzasowa ngati mmene ena anasowera. Ntchito imeneyi imakhala yotani kwenikweni? Munthu amayambira pati, amadya chani, nanga sizimakupengetsa?

Yankho: Mwana wanga, uthenga wako ndauwerenga kawiri ndili mu kombi, chifukwa funso lakoli ndi lomwe ndinawafunsa aphunzitsi anga zaka zopitirira 25 zapitazo, ndipo mayi anga nawonso ananena mau ofanana ndi a mayi akowo. Ndiyambe ndi kukuuza kuti mayi ako ndi amalume sakunama ai, aliyense wagwira mbali yake, nde usawayankhe mwachipongwe, tiyeni tizione bwinobwino.

Za kuwerenga maliro, imeneyo ili ndi eni ake, ofukula mafupa ndi maloya a ku khoti. Ife ofufuza a ku yunivesite funso lathu ndi lina. Anthu akhala moyandikana zaka zambirimbiri, amapalana moto, amapemphana mchere, ana awo anakwatirana, nde chachitika ndi chani kuti tsiku lina mmamawa wina anole chikwanje nkulunjika kwa mnzake? Ndipo pali funso lachiwiri lomwe ambiri amaliiwala: nanga bwanji mudzi uno anaphana koma mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, mitundu yake yomweyomweyo, sanaphane? Munthu wongokwiya amathera pa funso loyamba lija, katswiri amagona ndi lachiwirili, chifukwa mankhwala ali komweko kumene sanaphane.

Ndikupatse chitsanzo cha kwathu komwe. Daniel Posner wa ku America anapita ku malire a Malawi ndi Zambia, kuja mzere wa atsamunda unadula pakati pa abale, nkusankha midzi inayi, ya Achewa iwiri, wina mbali ya Malawi wina mbali ya Zambia, ya Atumbuka iwirinso chimodzimodzi. Zosiyanitsa Mchewa ndi Mtumbuka ndi zomwezo mbali zonse, awa gule wamkulu ndi chikamwini, awo malowolo ndi mkazi kupita kwa mwamuna. Nde anafunsa mafunso osavuta, kodi mungavotere munthu wa mtundu winawo kuti akhale pulezidenti, kodi mungakwatirane naye. Mbali ya Malawi okana anali ochuluka zedi, mbali ya Zambia ambiri amati vuto palibe, tonse ndife a kummawa. Zotsatira anazitulutsa mu 2004, ndipo iye anati chinsinsi chake ndi masamu a mavoti: Malawi ndi dziko laling'ono, Achewa paokha ndi Atumbuka paokha ndi magulu oti wandale akhoza kukwerapo, pamene ku Zambia onse awiri ndi ochepa, wandale wowagawa waluza, bola awaphatikize. Ukakumbukira chisankho cha 1994, Chakufwa Chihana kusesa kumpoto, Kamuzu pakati, Bakili Muluzi kummwera, uona zimene amanena. Ine pandekha ndimaona kuti masamu okha sakwanira, mabala a nthawi ya Kamuzu nawo ali ndi gawo lalikulu, Chitumbuka kuchotsedwa pa wailesi mu 1968, aphunzitsi a kumpoto kuuzidwa mu 1989 kuti abwerere kwao. Koma taona mmene anaganizira, anapeza malo pamene zonse zikufanana kupatula chinthu chimodzi, dziko lomwe mudziwo wagweramo. Luso lake la ntchito ino ndi limenelo.

Ukazolowera kuganiza chonchi umasiya kunena mau aja timamva mma nyuzi oti mitundu imeneyi inadana kuyambira makolo. Amenewo ndi mau a ulesi, ndiponso amathandiza akupha, chifukwa ngati chidani ndi cha m'magazi ndekuti palibe wolakwa. Akatswiri awiri a ku America, James Fearon ndi David Laitin, anachita kukhala pansi nkuwerengera, anapeza kuti ukatenga mitundu yonse yokhala moyandikana mu Africa muno, imene inamenyanapo ndi kachigawo kochepetsetsa, yambiri imangokhala, kugulitsana, kukwatirana, kunyogodolana pa mowa basi. Mu 2003 anaonetsanso kuti kuchuluka kwa mitundu mdziko pakokha sikubweretsa nkhondo ya pachiweniweni, chimene chimaikoka ndi umphawi, boma lofooka, ndi mapiri obisalamo zigawenga. Kenako kunabwera anzawo, Lars-Erik Cederman ndi Andreas Wimmer, nkuti tadikirani kaye, mwawerenga mitundu koma simunafunse kuti akudya ndani, akungoonerera ndani, ndipo iwo anapeza kuti gulu lalikulu lomwe latsekeredwa kunja kwa boma, makamaka lomwe linali mkati nkukankhidwira kunja, ndi lomwe limafulumira kunyamula mfuti. Ntchito yathu imayenda choncho, kutsutsana ndi umboni zaka ndi zaka, nde ngati sukonda kuti anzako azing'amba mfundo yako pagulu uyambe kuzolowera pompano.

Za Rwanda zomwe watchulazo. Ndege ya pulezidenti Juvénal Habyarimana inaomberedwa usiku wa pa 6 Epulo 1994, ndipo mmasiku pafupifupi 100 kunaphedwa anthu osachepera 500,000, ambiri amati 800,000, boma la Rwanda limati anapitirira miliyoni, ochuluka mwa iwo Atutsi. Scott Straus, amene poyamba anali mtolankhani ku Nairobi, anabwerera ku sukulu nkukalowa mndende za Rwanda kukacheza ndi amuna opitirira 200 amene anavomera okha kuti anapha nawo. Sanapeze zilombo ai. Anapeza alimi wamba, a mabanja awo, ambiri anali ndi achibale kapena anansi Achitutsi omwe amakhala nawo bwino, ndipo chimene amatchula kwambiri chinali mantha, mantha a nkhondo ya RPF, gulu loukira boma lotsogozedwa ndi Atutsi, imene imayandikira, ndi mantha a Ahutu anzawo amene amabwera pakhomo nkuti tiye, ukakana ndiwe mdani. Inde wandende amadzichepetsera mlandu, zimenezo Straus amazidziwa ndipo iwenso uzidziwe, mau a munthu sumangowameza. Lee Ann Fujii, mai amene anatisiya mu 2018, anakhala mmidzi iwiri kumacheza ndi anthu omwewo mobwerezabwereza, iye anaona kuti zoti uyu alowe mgulu la akupha zimatsata kwambiri kuti amayenda ndi ndani, wachibale wake ndani, mwini mphamvu pamudzipo ndani. Anatiphunzitsanso chinthu chomwe ndimawauza ana anga a sukulu chaka chilichonse, kuti bodza, mphekesera ndi kukhala chete kwa munthu nazonso ndi umboni, zikukuuza chimene akuopa lero.

Koma pa Rwanda yense chimene chimandigwira mtima ndi Butare. Kumeneko bwanamkubwa wa chigawo, Jean-Baptiste Habyalimana, anali Mtutsi yekhayo pa udindo umenewo mdziko lonse, ndipo kwa masiku pafupifupi khumi anayesetsa kuletsa, mmadera ena Ahutu ndi Atutsi amalondera limodzi. Boma linamuchotsa, pa 19 Epulo pulezidenti wogwirizira Théodore Sindikubwabo anabwera kudzalankhula komweko, asilikali ndi zigawenga nkutumizidwa, basi Butare inasanduka amodzi mwa malo omwe kunafa anthu ambiri zedi. Chidani cha makolo sichidikira kalata yochotsa bwanamkubwa. Kuphako kunali ndi maofesi ake, mindandanda ya maina, wailesi ya RTLM yotchula anthu kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndi mau ozembaitsa oti kupha ndi kugwira ntchito. Kunalinso chitupa. Atsamunda a ku Belgium anayamba kulemba mtundu wa munthu pa chitupa mzaka za mma 1930, boma la ufulu silinafufute, nde mu 1994 pa rodibuloko amangoti onetsa chitupa, mau amodzi a pa pepala ndi amene amaweruza.

Liu loti genocide ulisamale kwambiri, si mwala wongogenda aliyense wakukwiyitsa. Analipanga ndi Raphael Lemkin mu 1944, loya wachiyuda wa ku Poland amene abale ake ambiri anaphedwa ndi a Nazi, ndipo United Nations inavomereza pangano lake pa 9 Disembala 1948. Mutu wake ndi cholinga: kufuna kupulula gulu la anthu, lonse kapena mbali yake, chifukwa cha fuko, mtundu, khungu kapena chipembedzo. Si nambala ai. Ku Srebrenica, mdziko la Bosnia, mu Julayi 1995 kunaphedwa amuna ndi anyamata pafupifupi 8,000, makhoti anati ndi genocide, pamene kuli nkhondo zina zinapha anthu ochuluka kuposa apo koma sizikwana pa tanthauzo limeneli. Magulu a ndale anawasiya dala kunja kwa panganolo, nchifukwa chake Barbara Harff ndi Ted Gurr anatchukitsa liu lina loti politicide, kupha anthu chifukwa cha chipani kapena mbali yomwe akuganiziridwa. Ndipo usaganize kuti ndi nkhani za kutali, pafupi pompa ku Namibia a Germany anapulula Aherero ndi Anama kuyambira 1904, mkulu wa asilikali Lothar von Trotha anachita kulemba lamulo lake, koma Germany inadzavomera ndi pakamwa pake kuti inali genocide patadutsa zaka zoposa 100.

Tsopano tibwere kunyumba, chifukwa sungakhale ku Harare nkumaphunzira Rwanda ngati kuno kulibe manda. Mu Januwale 1983 Fifth Brigade, nthambi ya asilikali a boma yophunzitsidwa ndi a North Korea, inalowa ku Matabeleland North nkuyamba kupha anthu wamba, chaka chotsatira ku Matabeleland South komwe anatsekanso chakudya mnthawi ya chilala ndi kuunjika anthu ku kampu ya Bhalagwe, mpaka pangano la umodzi la pa 22 Disembala 1987. Kupha kumeneku kumatchedwa Gukurahundi, liu la Chishona la mvula yoyambirira ija yokokolola mankhusu, nde ganiza wekha amene amatchedwa mankhusu anali ndani. Nambala ya ophedwa imene imatchulidwa kawirikawiri ndi 20,000. Lipoti la komiti ya Chihambakwe yomwe boma linakhazikitsa lokha silinatulutsidwe, chomwe tili nacho cholimba ndi lipoti la 1997 la Catholic Commission for Justice and Peace ndi Legal Resources Foundation, uliwerenge lonse usanalembe chilichonse. Akatswiri amakangana, ena amati genocide chifukwa anthu amafera kulankhula Chindebele, ena amati politicide chifukwa chandamale chinali chipani cha ZAPU cha Joshua Nkomo. Ine maganizo anga ndi oti zonse ziwiri zinalukana moti msilikali wa pamudzi samasiyanitsa, ndipo mkangano wa dzina ndi wofunika ku khoti ndi mkalasi koma usachedwetse gogo amene akungofuna kuika mafupa a mwamuna wake mwa mwambo. Mu 2024 boma linatsegulira ndondomeko yoti mafumu azimva maumboni, iwe ngati katswiri ntchito yako pamenepo si kuombera mmanja kapena kutukwana, ndi kufunsa kuti akuloledwa kulankhula ndani, zolembedwazo asunga ndani, ndipo pambuyo pake chichitike ndi chani.

Nde pali iwe mwini. Ndiwe mdzukulu wa machona, unakula ukumva maina otinyoza aja, mabwidi, mabhurandaya, manyasarande, unamva kuti Robert Mugabe ananena pa msonkhano kuti a ku Mbare ndi anthu opanda mutupo, kutanthauza mfunda, chonsecho ife tili ndi mifunda yathu, a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Mwale. Ukudziwa chitupa cholembedwa alien, ukudziwa lamulo la 2001 lomwe linauza anthu obadwira konkuno kuti akakane unzika wa dziko lomwe sanalipondepo, ambiri nkulephera kuvota mu 2002, mpaka malamulo aakulu a 2013 anadzati wobadwira kuno kwa kholo la dziko la SADC ndi nzika. Mapulazi atalandidwa kuyambira 2000 ambiri mwa antchito omwe anasowa kolowera anali athu, chifukwa kumudzi koti abwerere kunalibe, Murambatsvina wa 2005, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika mmatauni, chimodzimodzi, lipoti la United Nations linati anthu 700,000 anataya nyumba kapena pogulitsira. Zimenezi zakupatsa diso lomwe mnzako wokulira ku Borrowdale alibe, umadziwa mmene chilembo chimodzi pa khadi chimamvekera mmimba. Koma ndikuchenjeze ziwiri. Zomwe zinatichitikira ife ndi tsankho ndi kuchotsedwa umunthu pa pepala, si genocide, ukasakaniza anthu adzasiya kukukhulupirira ngakhale pamene ukunena zoona. Chachiwiri, kuno Mchewa ndi wonyozedwa, koma kumudzi ku Malawi mnthawi ya Kamuzu Chichewa ndi chomwe chinali pamwamba, kafunse Mtumbuka wachikulire, kafunsenso a Mboni za Yehova amene analetsedwa mu 1967 nkuthawa mwa zikwizikwi mu 1972 nyumba zawo zikutenthedwa ndi anyamata a chipani. Palibe mtundu wobadwa wolakwiridwa kapena wobadwa wakupha, ndipo katswiri amene amangoona mabala a kwao okha wasanduka mneneri wa mtundu wake.

Ndikuuze cholakwa changa chimodzi kuti iwe usadzachibwereze. Ulendo wanga woyamba ku Matabeleland South ndinapita ndi womasulira ndi pepala la mafunso okonzedwa bwino, tinafika pakhomo pa gogo wina, ine mwachizolowezi cha mwana wa ku Harare ndinapereka moni mChishona. Nkhope yawo inatsekeka ngati chitseko. Sindinaganize kuti asilikali aja amalankhula chilankhulo chimenechi, kuti anthu amakakamizidwa kuimba nyimbo za Chishona abale awo akumenyedwa, ndinabwera kudzafunsa za bala nditanyamula mpeni womwewo mkamwa. Tsiku limenelo sananene kanthu, anangotipatsa madzi. Ndinabwerera kachiwiri opanda pepala, ndinapepesa, anandifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, nditati agogo anga anachokera ku Nyasaland anati amuna awo anagwirapo ntchito ku mgodi ndi anthu a kwanuko. Ulendo wachitatu ndi pamene analankhula, anakana rekoda, ndipo atamaliza chimene anandipempha sichinali chilungamo kapena chipepeso, chinali choti mdzukulu wawo apeze setifiketi ya kubadwa, chifukwa mwana wawo analibe, chifukwa bambo ake analibe setifiketi ya imfa, munthu woponyedwa mdzenje amulembera ndani. Ndinakhala pamphasa paja ndikuganiza za azakhali anga a ku pulazi amene nawonso anafa opanda pepala lililonse. Mu 2021 Amnesty International inatulutsa lipoti la anthu opanda dziko muno mZimbabwe, ndipo magulu awiri akulu mmenemo ndi omwewa, ana a machona ndi ana a Gukurahundi, a UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwao, amati anthu pafupifupi 300,000 ali pa chiopsezo chimenechi. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kuyambira tsiku lija sindipitanso kwa anthu ndisanaphunzire olo moni ndi kupepesa mchilankhulo chawo.

Poyambira nde apa. Chilankhulo choyamba, ngati ukufuna za kuno phunzira Chindebele cha ntchito osati cha moni chabe, ngati ukufuna Rwanda, Burundi kapena Congo ufunika French ndi Kinyarwanda kapena Swahili, ngati Cabo Delgado ku Mozambique ufunika Chipwitikizi. Chichewa chakocho usachipeputse, chimakutsegulira Malawi, kummawa kwa Zambia ndi Tete, ndi ma kompaundi onse a mmigodi ndi mmapulazi a muno. Kenako masamu, ndikudziwa ambiri munathawira ku political science pothawa masamu koma statistics sungaizembe, pulogalamu ya R ndi yaulere, manambala a Afrobarometer, bungwe lofunsa maganizo a anthu mu Africa, ndi aulere pa intaneti ndipo muli mafunso okhudza mtundu ndi mmene boma limachitira ndi mtundu wako, a ACLED amalemba ziwawa malo ndi tsiku, ukhoza kuyamba kuseweretsa zimenezi sabata ino. Kuno ku Harare kuli Mass Public Opinion Institute yomwe anayambitsa malemu Masipula Sithole, katswiri wathu amene analemba za kusankhana mitundu mkati mwa zipani zomenyera ufulu nthawi imene ambiri amaopa kuitchula, mabungwe ngati amenewo amafuna achinyamata ofunsa mafunso mmidzi, ndipo mwezi umodzi wogogoda mmakomo umaphunzitsa kuposa temu yonse. Upitenso ku National Archives pa Borrowdale Road ukazolowere fumbi la mafailo, tsiku lina udzafike ndi ku National Archives ya Malawi ku Zomba. Anusa Daimon analemba PhD yonse pa mbiri ya anthu a ku Malawi muno mZimbabwe, umufufuze uone kuti nkhani ya agogo ako ndi ya sukulu ndithu.

Digiri yoyamba siikwana, ufunika Masters kenako PhD ngati ukufuna kuphunzitsa kapena kutsogolera kafukufuku, nde werengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu kutsogoloku. Africa University ku Mutare ili ndi maphunziro a mtendere ndi utsogoleri, University of Rwanda ili ndi Masters ya genocide yeniyeniyo, ku South Africa mayunivesite alipo ambiri komanso Johannesburg Holocaust and Genocide Centre, ku America PhD imatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi koma mayunivesite akuluakulu amakulipirira ndi kukupatsa ya mthumba. Sikolashipu yang'ana Beit Trust, imene ndi ya Zimbabwe, Zambia ndi Malawi basi, Canon Collins, Chevening, ndi maphunziro afupiafupi a CODESRIA ku Dakar. Koma zonsezi zimafuna pasipoti, nde ngati chitupa chako kapena cha mayi ako chikadali ndi vuto lija yamba kukonza chimenecho mawa. Ndipo posankha kopita usathamangire dzina la sukulu, yang'ana mphunzitsi amene adzakuyang'anire, uwafunse ana ake akale ngati amawerenga zomwe amupatsa.

Za kudya sindikunamiza, simulemeretsa muno. Malipiro a mphunzitsi wa yunivesite kuno ndi ochepa, ambiri timakhalira ma consultancy, kulemba malipoti a mabungwe, ndipo ndalama za ma donor zimayenda ndi mphepo, waona wekha mmene kutsekedwa kwa USAID, bungwe la chithandizo la boma la America, mu 2025 kunagwetsera ntchito za anthu. Makomo ena alipo, International Crisis Group, Human Rights Watch, Institute for Security Studies ku Pretoria, ACCORD ku Durban, African Union ku Addis Ababa, ofesi ya United Nations yoletsa genocide imene mu 2020 inapatsidwa kwa Alice Wairimu Nderitu wa ku Kenya, koma mipando ndi yochepa ndipo olimbirana ndi a dziko lonse lapansi. Chomwe chimapulumutsa ndi luso lija la masamu ndi kulemba bwino, limagulika olo kunja kwa nkhani za nkhondo. Tsiku wamba la ntchito silokoma ngati mmene ukuganizira, ndi kuchonga mapepala a ana, kulemba mapempho a ndalama omwe ambiri amakanidwa, kudikira chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku wako savulaza anthu, kumvetsera rekoda ya ola limodzi kwa maola asanu ukulemba liu ndi liu. Koma nthawi zina zolemba zako zimakafika patali. Alison Des Forges anakhala zaka akusonkhanitsa mapepala ndi maumboni a Rwanda, nkukaima ngati mboni ya ukatswiri ku khoti la United Nations loweruza milandu ya Rwanda ku Arusha kambirimbiri, kuyambira pa mlandu wa Jean-Paul Akayesu, meya wa ku Taba, amene mu 1998 anakhala woyamba kupezeka wolakwa pa genocide ku khoti la maiko onse, ndipo khoti lomwelo linati kugwirira amai kungakhale njira yopululira mtundu.

Amalume ako akamati udzasowa akukumbukira zenizeni, womenyera ufulu Itai Dzamara anatengedwa pometetsa ku Glen View mu Malichi 2015 mpaka lero sanaoneke, wojambula Owen Maseko anamangidwa mu 2010 chifukwa cha zithunzi za Gukurahundi zomwe anaonetsa ku Bulawayo. Ndipo si kuno kokha, Des Forges yemweyo boma la Rwanda linadzamuletsa kulowa mdzikomo mu 2008 chifukwa amanenanso za milandu ya RPF. Wofufuza wa ku yunivesite amakhala ndi kamthunzi pang'ono kuposa mtolankhani kapena womenyera ufulu, koma chiopsezo chachikulu sichikhala pa iwe, chimakhala pa amene wakuuza nkhani, iwe ukwera basi kubwerera ku Harare iye atsala pamudzi ndi yemwe wamutchulayo. Nde dzina la munthu sulilemba mkope limodzi ndi mau ake, foni ndi laputopu uzitseka ndi pasiwedi yolimba, kwa mfumu umayamba wafika, zithunzi za kumene uli suika pa Facebook kapena pa status, ndipo sulonjeza chomwe sungathe. Zachipani uzisiye kunja kwa kafukufuku, tsiku lomwe adzakuone wavala t-shirt ya mbali imodzi, mbali inayo yatseka pakamwa.

Kupenga? Sunganene kuti sizikhudza. Chaka chomwe ndinkalemba maumboni a amai ogwiriridwa ndinasiya kugona, mwana wanga akachedwa pang'ono kuchokera ku sukulu thupi lonse limanjenjemera, ndipo ndinayamba kukalipira anthu pa zinthu zazing'ono osadziwa kuti zikuchokera kuti. Choopsa china ndi chosiyana ndi chimenecho, kuuma mtima, kufika poti ukuwerenga za mudzi wotenthedwa uku ukudya chimanga osamva kanthu, ukadzaziona zimenezo udzaime. Ine ndinadziikira malamulo, maumboni sindiwerenga dzuwa litalowa, ndikabwera ku midzi ndimapuma sabata ndisanatsegule rekoda, ndili ndi mnzanga wa ntchito yomweyi amene timauzana zonse, ndinapitako kwa mlangizi wa za maganizo ndipo si manyazi, ndipo kwa amai anzanga a chigwirizano ku CCAP ndimapita ngati mai wamba woimba nawo, kumeneko palibe amandifunsa za Bhalagwe. Umafunikanso kumasakasaka dala nkhani za opulumutsa anzawo, amene anabisa mnansi kudenga kapena mnkhokwe, chifukwa nawonso ndi gawo la funso lachiwiri lija ndipo amakubwezera mpweya.

Mayi ako usakangane nawo, uwauze kuti ukufuna kuphunzira mmene munthu amasandutsidwira mlendo mdziko lomwe anabadwira, amenewo awamva chifukwa anawakhala. Ndipo kafukufuku wako woyamba ali mnyumba mwanu momwemo. Loweruka likubwerali ugule shuga ndi buledi, ukakhale ndi agogo ako aakazi, foni uike kutali, uwafunse kuti anabwera chaka chanji, anadzera ku Tete wapansi kapena pa galimoto za Ulere zija zonyamula obwera kudzagwira ntchito, pulazi kapena mgodi woyamba unali uti, pa chitupa cha agogo aamuna panalembedwa chani, mu 2002 anavota kapena anabwezedwa, mu 2005 anagona kuti, ndipo anansi a Chishona amene anawathandiza anali ndani, limeneli usaliiwale. Akakhala chete usawadule, uwerenge mumtima mpaka makumi awiri. Ukabwerako ulembe zonse usiku womwewo, zomwe anena mbali ina ya tsamba, zomwe iwe ukuganiza mbali ina, kenako unditumizire masamba asanu ndidzakuchongere.